Golide wa m'Thireyi ya Mazira

"...ndiye waitanitsa khofi, koma osamwa," anatero a Ermes, mwini malo omwera khofi, akupukuta kapu youma kale. "Munthu wobwerera khofi amamwa khofi. Uyu wangoti maso pakhoma langa dwii, kenako n'kundifunsa kuti chithunzi cha mngelo Mikaeli ndinachipeza kuti."

"Inu mwati chiyani?" anafunsa azakhali.

"Ndati chinagwa kumwamba. Ndanama, a Iride? Suja mumati zabwino zonse zimachokera kumeneko?"

Palibe anaseka. Madala awiri amene ankasewera makadi pakona anapitiriza, koma makutu ali kwa ife. A Ermes anatsitsa mawu n'kuwonjezera kuti mlendoyo anabwera pa galimoto yotuwa, ndipo potuluka anafunsa njira ya kunyumba ya malemu a Nerina. Atatero anatembenukira kwa ine, ngati munthu wofuna kuzimitsa moto umene wayatsa yekha.

"Nanga Mdatchi wathu akuti bwanji? Khofi wathuyu sakumuwawa? Kwawo kuja amamwa madzi otsukira mapoto."

Mdatchi ndinali ine. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Rotterdam, ku Holland, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikulongedza maluwa m'makatoni, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndabwera mwezi umodzi wokha. Chikwama changa chinali chikadali pansi pa zenera, chosamasula bwino. Kwathu kuno, m'chigwa cha kumpoto kwa mzinda wa Modena, nyengo yozizira ikafika chifunga chimakhala pansi ngati mlendo wopanda manyazi. Umamva belu la tchalitchi koma nsanja osaiona, umamva fungo la makola a nkhumba osadziwa mbali imene likuchokera. Ndinali nditaiwala kuti munthu angathe kubanika ali panja.

Azakhali analipira, namanga mpango wawo, ndipo tinatuluka. Titafika pa mlatho wa ngalande anangoti, "Mlandu suola, Mirca." Ndinafunsa kuti mlandu wanji, koma iwo anali atakwera kale njinga.

A Iride ndi mlongo wa malemu bambo anga. Sanakwatiwe. Akuti panali mnyamata wina amene anapita kukagwira ntchito ku mafakitale a matailosi n'kukapezako wina, koma nkhaniyi ndinaimva kwa anthu, osati kwa iwo. Ndi aafupi, a mapewa otakata, ndipo zala zawo zilibe mizere chifukwa cha kupalapala mapepala. Analowa ntchito akadali mtsikana pa kampani ya kumapeto kwa msewu wathu, ndipo mpaka lero sadziwa ntchito ina.

Kampaniyo imapanga mabuku ofanizira. Kalekale, makina osindikizira asanafale, akazi a mafumu ndi a anthu olemera ankakhala ndi timabuku tawo ta mapemphero, tolembedwa pamanja pa chikopa chopyapyala, tokhala ndi zithunzi za oyera ndi golide m'mphepete. Timene tinatsala timasungidwa mumdima m'nyumba zikuluzikulu za mabuku, ndipo munthu wamba sangatikhudze. Ndiye kampani imapita kukajambula tsamba ndi tsamba, n'kupanga mabuku ofanana ndi lenilenilo, oti madokotala ndi maloya agule n'kuika m'makabati. Makina amasindikiza utoto, ena amamata golide. Koma tsamba likatuluka m'makina limakhala la dzulo, losalala, lopanda mbiri. Ntchito ya azakhali ndi kulikalambitsa.

Ndili mwana ndinkawaonerera. Amadula m'mphepete motsatira mmene lenileni linadyekera. Amaboola timabowo pamene njenjete inadutsa zaka mazana asanu zapitazo, pamalo pake penipeni. Amapala golide pamene chala chachikulu cha mwini buku chinkagwira. Ndipo pali masamba ena amene nkhope ya woyera inafufutika chifukwa mwini wake ankaipsompsona. Azakhali amafufutanso pomwepo, ndi kachikopa kokulunga kuchala. Ankawadziwa akazi akufa kale aja ngati anansi. "Uyu ankabereka movutika," anandiuza tsiku lina, akundionetsa tsamba la Margarita Woyera akutuluka m'mimba mwa chinjoka chobiriwira, wamoyo, tsitsi lili bwinobwino. "Taona mmene anamudyera ndi milomo. Nkhope yatsala theka."

Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi. Mabuku amapangidwa owerengeka, loya amabwera kudzachitira umboni kuti ndi omwewo basi, ndipo chilichonse chotsala chimawonongedwa. Anthu amalipira ndalama zambiri chifukwa cha lonjezo limenelo. Tsamba lililonse lolakwika, la golide wopendekera kapena utoto wotuwa, limapita ku makina odula mapepala a kuseri, amene antchito amawatcha Nkhumba chifukwa sasankha chakudya. Zodulidwazo amazimanga m'mitolo, ndipo lole imazitengera ku fakitale ya kutsidya kwa mtsinje kumene amapanga mathireyi a mazira.

Zaka zoyamba azakhali ankapereka masamba ku Nkhumba ngati wina aliyense, mtima ukuwawa pang'ono, poti kwathu chithunzi cha woyera sichitayidwa kudzala. Koma Lamlungu lina m'mawa, akuswa mazira kuti akande ufa wa pasita, anaona kanthu kakunyezimira m'thireyi. Anaipititsa pazenera. M'kati mwa pepala lotuwa lija munali kadontho ka golide, kochepa ngati njere ya mchere, ndi kena pafupi pake. Anadziwa kumene kanachokera. Amati tsiku limenelo nyumba yonse inadya buledi ndi tchizi, poti mazirawo sanathe kuwagwiranso.

Kuyambira pamenepo masamba olakwika okhala ndi nkhope ankatuluka pa geti ali m'kati mwa juzi yawo. Mwini kampani wakale ankadziwa, koma ankayang'ana kumbali. Azakhali sanagulitseko ngakhale limodzi. Ankangopereka. Oyendetsa malole ankalandira Kristofa Woyera, a Ermes analandira Mikaeli atachita ngozi, amasiye ankakonda Amayi Maria ali pansi pa mtanda. Ndipo popeza ankaona kuti n'kupanda ulemu kupatsa munthu tsamba losamaliza, ankayamba alikalambitsa kunyumba, mabowo ndi zonse. Margarita yekha sanakhale wa munthu mmodzi. Ankayenda nyumba ndi nyumba m'kafelemu kakang'ono. Mkazi akayandikira masiku ake, apongozi kapena amayi ake ankapita kukamutenga kwa amene anachira komaliza, n'kumuika pansi pa pilo. Anthu ambiri a msinkhu wanga anabadwa iye ali m'chikwama cha kuchipatala. Inenso, akuti.

Panali masamba amene palibe ankawafuna. Buku lililonse la mtundu umenewu lili ndi mapemphero a akufa, ndipo chithunzi chake chimakhala Imfa, mafupa okhaokha, itanyamula mkondo, kapena mitembo itatu ikukumana ndi anyamata atatu okwera akavalo. Amenewa azakhali sankatha kuwapereka, komanso sankatha kuwadula, poti pamwamba pake pamakhala kankhope ka Mulungu m'mitambo. Ankawasunga m'bokosi. Bokosilo ndinalipeza tsiku limene tinachokera kwa a Ermes, ndikufunafuna nsapato pansi pa bedi limene ndinkagonapo chibwerere. Linali lodzaza mpaka pakamwa.

Zimene zinachitika tinazimva mawa lake. Malemu a Nerina anali ndi chithunzi cha mngelo akulonjera Maria, chimene chinakhala pamwamba pa chitofu zaka zambirimbiri, kandulo ikuyaka patsogolo pake. Utsi, mafuta ndi milomo ya gogoyo zinamaliza ntchito imene azakhali anayamba. Atamwalira, mdzukulu wawo wa ku Milan anabwera kudzasesa nyumba, ndipo ataona chithunzicho anakhulupirira kuti wapeza chuma. Anachigulitsa pa intaneti ngati tsamba lenileni lakale. Wogula, munthu wa ku Germany, anachichotsa m'felemu, n'kuchiyang'ana ndi galasi lokuza, n'kuona timadontho ta makina. Nkhani inafika kwa apolisi oona za zinthu zakale, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene anasiya khofi wa a Ermes kuti azizire.

A Loredana, mwana wa mwini kampani wakale, amene tsopano akuiyendetsa, anaitana azakhali ku ofesi. Ndinawaperekeza, ndipo anandilola kukhala pampando wa pakhomo. A Loredana si munthu woipa. Azakhali ndi amene anawaphunzitsa kugwira lumo ali kamtsikana, ndipo mpaka pano amawapatsa ulemu wa mayi. Anafotokoza modekha, maso ali pa tebulo. Wapolisi uja anali wokonzeka kukhulupirira kuti panalibe wofuna kuba, kuti mdzukuluyo anangopusa. Koma anaona Mikaeli kwa a Ermes, anaona Kristofa m'lole ina, ndipo ankafuna kudziwa kuti masamba otere alipo angati ndipo adzathera kuti eni ake akamamwalira. Ogula mabuku akamva kuti masamba a mabuku awo ali mbwee m'makhichini, adzapita kukhoti, ndipo kampani idzatsekedwa pamodzi ndi onse odyerapo. Njira inali imodzi: masamba onse abwerere, adulidwe pamaso pa loya ndi wapolisiyo, Loweruka la sabata yotsatira.

"Onse, a Iride," anatero. "Likatsala limodzi n'kudzatulukira kwina, andifunsa dzina. Ndipo dzina limene ndili nalo ndi lanu."

Azakhali anafunsa ngati angaloledwe kuwatentha okha kuseri kwa tchalitchi n'kukwirira phulusa, monga amachitira ansembe ndi zovala za Misa zakutha. A Loredana anati anafunsa kale, ndipo loya wakana. Moto suwerengeka, ndipo pangano ndi ogula limanena za makina.

Tinayamba kuyenda. Ine ndinkayendetsa kagalimoto kawo kakale, iwo ali pambali ndi katoni pamiyendo. Sanafune pepala lolembapo. Ankakumbukira nyumba iliyonse ndi woyera wake. M'chifunga chija nyumba zinkatulukira mwadzidzidzi, geti poyamba, kenako galu, kenako munthu ataima pakhomo ngati wakhala akutidikira. Mbiri inali itatitsogolera. Ena ankatipatsa tsamba atalikulunga kale m'nsalu, osatiuza kuti tilowe. Ena ankatilowetsa kuti tichotse tokha, ndipo pakhoma pankatsala malo oyera a ngodya zinayi, ozunguliridwa ndi mwaye. Malo amenewo ndinawaona ambiri sabata imeneyo, moti ndikatseka maso ndinkawaonabe.

A Adelmo, amene akazi awo anamwalira chaka chatha, anatikhazika pansi n'kutithirira vinyo wofiira wa thovu, ngakhale kunali m'mawa. Anati iwo sapemphera, aliyense akudziwa, anakhala moyo wonse akutukwana ansembe pamisonkhano ya chipani. Koma Yosefe Woyera uja anali wa mayi a m'nyumba, ndipo madzulo akamadya amayankhula naye za mpira.

"Ndiye mukuti mukamupereke kwa Nkhumba," anatero. "Munthu wachikulire ngati uyu, wa ndevu zake."

"Ndikapanda kutero, Adelmo, andipereka ine," anatero azakhali.

"Inu Nkhumba singakuthe, ndinu olimba ngati chikopa cha ng'oma." Anaseka okha, kenako anakwera pampando n'kuchotsa felemu. Anatipatsa. Anatembenukira kwa ine. "Iwe Mdatchi, kwanu kuja mukakalamba mumayankhula ndi ndani?"

Ndinati ndi wailesi ya kanema. Anagwedeza mutu ngati ndawauza za matenda.

Masamba awiri sakanabwerera, chifukwa analowa m'mabokosi a maliro pamodzi ndi eni ake. Azakhali anati amenewo ali pabwino kuposa ena onse, ndipo a Loredana anavomereza kuti manda sagulitsa pa intaneti. Pofika pakati pa sabata yachiwiri katoni inali itadzaza, ndipo kunatsala nyumba imodzi. Tinkaidutsa tsiku lililonse, poti ili moyang'anana ndi yathu, ndipo tsiku lililonse azakhali ankati tiyambe tapita kwina.

Margarita anali kwa Katia. Katia ndi mnzanga wa kusukulu, amene anakwatiwa ndi mwana wa a Zelinda ine ndili kunja. Mimba ziwiri zinapita padera, yachiwiri itakula kale. Iyi inali yachitatu, ndipo inali m'mwezi wake womaliza. A Zelinda anakatenga Margarita msanga, miyezi isanakwane n'komwe, ndipo palibe anawatsutsa.

Madzulo a Lachinayi, tikudya, ndinayesa kuthandiza m'njira yanga. Ndinati ndi pepala chabe, la makina, losindikizidwa ine nditatsala pang'ono kubadwa. Si lakale, si lodalitsidwa, ndipo linatayidwa chifukwa mchira wa chinjoka unatuluka wachikasu. Ndinati ku Rotterdam akazi amachira tsiku ndi tsiku popanda chinjoka pansi pa pilo, ndipo Katia ali ndi madokotala abwino. Ndinati ngati n'chithunzi chikufunika, ndingalijambule ndi foni n'kukasindikiza lina mtauni, lokongola kuposa limenelo.

Azakhali anandisiya kuti ndimalize. Kenako anati nkhope ya Margarita anaifufuta theka, monga zilili m'buku lenileni. Panopa yatsala kachibwano kokha.

"Theka linalo ndani anafufuta?" anafunsa. "Mayi ako ali m'gulu. Kasindikize zimenezo."

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osangolisiya, n'kuuza loya kuti onse abwera. Anati wapolisi uja anamva kale za Margarita kwa anthu a pamsika, ndipo anamutchula dzina. Komanso adzafunsidwa molumbira, ndipo iwo sananamepo atagwira Baibulo. Anatchula antchito anzawo mmodzimmodzi, ndi ana awo. Atamaliza anatsuka mbale imene inali yotsuka kale.

Tinawoloka msewu Lachisanu masana. A Zelinda anatsegula chitseko n'kuima pakati pake. Iwo ndi azakhali anakulira limodzi, analandira Ukaristia woyamba tsiku limodzi, ndipo amaitanana mayina popanda ulemu wa alendo. A Zelinda anapempha, poyamba mwaulemu. Anati masiku atsala ochepa, mwana akangobadwa adzabweretsa okha, ngakhale kukamuika m'kamwa mwa Nkhumba ndi manja awo. Azakhali anati tsiku ndi mawa, ndipo si iwo analisankha. A Zelinda anati kodi polipereka anafunsa loya? Anati munthu sabwereketsa denga n'kudzalisasula mvula ili pakati.

Amene anathetsa nkhani ndi Katia. Anatuluka m'chipinda akuyenda mokhotakhota, dzanja lina kumsana, lina litagwira kafelemu. Nkhope yake inali yotupa, ndipo anandimwetulira ngati tili kusukulu.

"Tengani, mayi Iride," anatero. "Ine sindifuna kuti munthu amangidwe chifukwa cha ine. Ndi pepala, eti Mirca? Iwe wayenda, ukudziwa."

Ndinati inde, ndi pepala. Mawuwo anatuluka owuma. Katia anayang'ana kafelemu kaja kanthawi, n'kukapsompsona pagalasi mofulumira, ngati wakuba, asanakapereke.

A Zelinda sanakweze mawu. Anatiperekeza mpaka pa geti, n'kunena motsitsa kuti mpongozi wawo asamve: "Chabwino, Iride. Tidikira tione. Tonse tidikira."

Loweruka kunali chifunga choti nyali za m'misewu sizinazime mpaka masana. Loya anabwera ndi chimfine, akumina pafupipafupi. Wapolisi uja ndinamuona koyamba: munthu wamtali, waulemu, wovala jekete labwino, amene anagwira azakhali chanza n'kuwauza kuti ntchito yawo ndi yosiririka. A Loredana anati mnyamata wa kuseri adzadyetsa makina, koma azakhali anakana. Anavala epuloni yawo, nayamba okha.

Anayamba ndi bokosi la pansi pa bedi langa. Imfa inalowa mobwerezabwereza, ndi mkondo wake, ndi akavalo, ndipo Nkhumba inkalira mofanana pa tsamba lililonse. Kenako Kristofa wa oyendetsa malole, Yosefe wa a Adelmo, Mikaeli wonunkha khofi. Tsamba lililonse ankaligwira ndi manja awiri, nkhope ikuyang'ana kumwamba, ndipo milomo yawo inkagwedera pang'ono. Timizere ta golide tinkagwera m'thumba la pansi. Fumbi linadzaza chipinda, loya n'kumayetsemula. Margarita anali womaliza. Wapolisi anapempha kuti amuone kaye, anamutembenuza, nati n'zodabwitsa kuti pepala lingafike pamenepa. Anamubweza. Azakhali anamulowetsa ndi miyendo kutsogolo, chinjoka choyamba, ndipo kachibwano kaja kanapita pomaliza.

Analumbira, anasaina, ndipo nkhani inatsekedwa. Dzina lawo silinalembedwe pa mlandu uliwonse. Lolemba anapita kuntchito monga mwa masiku onse.

Koma m'mudzi munali mutasintha. Palibe anawatukwana. Kwa a Ermes anthu ankapitiriza kupereka moni, kungoti nkhani zinkatha ife tikalowa, ndipo a Ermes anasiya kundinena za khofi. Pamalo pa Mikaeli anapachikapo kalendala ya kampani ya mowa, yaing'ono, yosakwanira kuphimba malo oyera aja. Lole ina itagwera m'ngalande chifukwa cha chifunga, woyendetsa n'kuthyoka mkono, palibe ananena kanthu. Anangoyang'ana azakhali pa Misa. Ndipo maso onse anali pa nyumba ya moyang'anana nafe. Tsiku limene madokotala ananena linafika n'kudutsa. Katia anapita kuchipatala kukapimidwa, anamubweza kuti adikire. Anapitanso, anamubwezanso. A Zelinda ankasesa pakhomo m'mawa uliwonse atatifulatira.

Ine ndinali nditapeza tikiti yotchipa yobwerera ku Rotterdam, ndipo ndinkaitsegula pafoni kangapo pa tsiku osaigula. Ndinkadziuza kuti mimba kupitirira masiku n'zachizolowezi, ndinawerenga zimenezo. Komabe galimoto ikalira mumsewu ndinkapezeka ndili pazenera, ndipo ndinkapeza azakhali ali kale pa zenera linalo.

Anasiya kudya bwino. Ndinamva kwa a Loredana kuti ntchito akugwira ngati kale, koma afunsa kawiri konse za tsiku limene lole inatenga mitolo. Kenako ndinawaona pa geti la kampani akuyankhula ndi woyendetsa loleyo, yemwenso anabweza Kristofa wake. Anawauza kuti fakitale ya kutsidya sisunga mapepala nthawi yaitali, imanyika n'kuumba sabata yomweyo, ndipo mathireyi ake ambiri amapita kwa mlimi wa nkhuku amene amagulitsa pamsika wathu wa Lachitatu.

Lachitatu m'mawa anandidzutsa. Anali atavala kale za kuntchito, ndipo maso awo ankaonetsa kuti sanagone.

"Ukagule mazira, Mirca. Kwa wa nkhuku uja, osati m'sitolo."

Ndinati mazira alipo m'kabati.

"Sindikufuna mazira. Ukasankhe thireyi. Uziyang'ana mozipendeketsa, kuwala kuzichokera kumbali." Kenako anawonjezera kuti, "Mkazi woyembekezera amapatsidwa mazira, palibe angakane. Zelinda adzadziwa chochita ndi thireyiyo."

Ndinafuna kunena kuti m'mitolo ija munali Imfa yambiri kuposa Margarita, kuti zonse zinasakanikirana m'madzi amodzi, ndipo golide wa mkondo ndi wa tsitsi la woyera n'chimodzimodzi. Ndinaona pankhope pawo kuti analiganiza kale limenelo, mwina usiku wonse. Ndinavala jekete.

Pamsika anthu ankaoneka ngati zithunzithunzi. Wa nkhuku anali ataunjika mathireyi ang'onoang'ono patebulo, ndipo nditayamba kuwanyamula imodzi imodzi n'kumawapendeketsa pansi pa nyali yake, anandifunsa ngati ku Holland mazira amagulidwa ndi maso a dokotala. Ndinati ndikuyang'ana osweka. Amayi awiri amene anali pambuyo panga anasiya kucheza. Mmodzi ndinamuzindikira, tinamulanda Amayi Maria a pansi pa mtanda. Patapita kanthawi anatambasula dzanja, natenga thireyi ya pansi pa mulu, naipendeketsa, n'kundipatsa.

Pachivundikiro, pafupi ndi ngodya, panali kadontho kamodzi ka golide. M'kati, pansi pa dzira lina, munali tiwiri. Ukasuntha dzanja tinkazima, ukabweza tinkayakanso.

Ndinalipira, ndipo sindinaike m'chikwama. Ndinainyamula ndi manja awiri, pachifuwa, ndikuyenda pang'onopang'ono poti msewu unali woterera. Belu linalira kwinakwake kumanzere. Nditakhota kulowa mumsewu wathu ndinaona kuti geti la a Zelinda lili pululu, galimoto ya mwamuna wa Katia palibe, ndipo tsache lili pansi pakati pa bwalo. Chitseko chinali chokhoma. Ndinaima pamenepo kanthawi, galu wawo akundinunkhiza miyendo, kenako ndinawoloka msewu kupita kwathu, mazira akugogodana pang'ono m'thireyi.